Kuchepetsa Thupi ku Petauke ndi Nyimba: Zokambakamba ndi Zoona Zake

Kuyambira kale zipatala za kuno kwa Ansenga zakhala zikulimbana ndi kuonda: mwana wosakwera sikelo, mayi woperewera magazi, bambo wotha thupi ndi chifuwa chachikulu. Vuto limeneli silinathe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Koma pambali pa nkhani yakaleyi pamera ina. Aphunzitsi, amayi a pamsika, ogwira ntchito pa boma, oyendetsa malole ndi alimi amene zinthu zayamba kuwayendera akufunsa funso lomwe agogo athu sakadalimvetsa: ndingachepetse bwanji thupi? Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO, anaonetsa kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse ndi wonenepa kupyola muyezo, ndipo pakati pa amayi ndi mmodzi mwa atatu.

Ogulitsa mayankho sanachedwe. M'mabasi a pa Great East Road, m'masaluni, pa WhatsApp ndi pa Facebook muli tiyi, makapisozi, malamba omanga pamimba, ndipo masiku ano jakisoni. Mwa zonse zimene ndilembe pano, ndikufuna owerenga agwire chimodzi: chithandizo chenicheni chimayamba ndi kupima. Amene akukupatsani chinthu chakumwa kapena chobaya asanakupimeni akuchita malonda, ngakhale atavala chovala choyera.

"Mwanenepa amayi, akukusungani bwino"

Mawu awa timawanena mwachikondi, ndipo ali ndi mbiri yake. Amene anaona njala, amene anaika abale motsatizana m'zaka za m'ma 1990 kaliwondewonde akupulula midzi ma ARV asanafike, sangaone thupi lodzaza ngati choipa. Mpaka lero mayi akayamba kuchepa thupi amaopa manong'onong'o a kuchitsime ndi kutchalitchi akuti, "Kodi amayi aja ali bwinobwino?" Mantha amenewa amabweza m'mbuyo ngakhale anthu amene adokotala anawauza kale kuti achepetse.

Mantha ake ali ndi mbali yoona. Kuonda kobwera kokha, munthu akudya monga mwa masiku onse, n'kofunika kuthamanga nako kuchipatala. TB, HIV, khansa, chithokomiro chogwira ntchito mopyola ndiponso shuga wokwera kwambiri zimadya thupi mwa njira imeneyi. Munthu wonenepa amene zovala zayamba kumukulira mwadzidzidzi, ludzu silikumuchoka, usiku akudzuka kangapo kukataya madzi, asathokoze tiyi amene anagula. Akapimitse shuga tsiku lomwelo.

Koma kuchepa thupi kochita kufuna, koyenda pang'onopang'ono, ndi mankhwala pakokha. Mafuta ochuluka, makamaka a pamimba, amakweza BP, amaitana matenda a shuga, amalemetsa mawondo ndi msana, amabanikitsa munthu m'tulo, ndipo kwa amayi ena amasokoneza msambo ndi kubereka. Kafukufuku wa STEPS uja anapezanso kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo 6 pa 100 alionse ali ndi shuga wokwera m'magazi. BP kawirikawiri sipweteka. Ambiri amaidziwa atagwa kale ndi sitiroko.

"Zimenezo n'za ku Lusaka, kukiliniki ya boma akakusekani"

Chikhulupiriro ichi ndicho chimandiwawa kwambiri, chifukwa ndicho chimatumiza anthu m'manja mwa ogulitsa. Musayembekezere kupeza chitseko cholembedwa kuti "kuchepetsa thupi". Khomo lake ndi lomwe lija la OPD, ndipo zida zoyambira ntchitoyi n'zodziwika kale: sikelo ya akuluakulu, tepi, makina a BP ndi kachipangizo kobaya chala kopimira shuga. Boma linachotsa malipiro a chithandizo choyambirira m'maboma a kumidzi mu 2006, kenako m'dziko lonse mu 2012. Choncho munthu wa ku Kacholola kapena wa m'midzi ya kwa Mfumu Nyamphande sakufunika tikiti ya ku Lusaka kuti ayambe. Akafika pamaso pa anesi kapena a clinical officer angonena mosabisa: "Asisita, thupi langa lakwera kwambiri chaka chino, ndikupuma movutikira ndikamayenda. Ndikupempha mundipime kulemera, BP ndi shuga."

Akatero achipatala amawerengera chimene amati BMI. Amatenga makilogalamu a munthu n'kuwagawa ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Mayi wa mamita 1.60 wolemera makilogalamu 80 amapeza 31. Kuyambira 25 ndi kunenepa kopyola muyezo, kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumawerengedwa ngati matenda. Palinso kupima kwina kumene mungachite nokha kunyumba, ndipo ine ndimakuona kothandiza kwambiri. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo muzungulize m'mimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zake zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ngakhale manja ndi miyendo zili zazing'ono.

Kupima kuli ndi chifukwa chachikulu kuposa manambala: kukula kwa thupi konse si mafuta. Dinani chala pamsongolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, amenewo ndi madzi, ndipo gwero lake likhoza kukhala mtima, impso kapena chiwindi. Mimba yotukuka pa munthu woonda manja ikhoza kukhala madzi obwera chifukwa cha chiwindi chowonongeka ndi kachasu, likodzo la m'matumbo kapena hepatitis B. Kwa amayi ikhoza kukhala zotupa za m'chiberekero, mwinanso pathupi pamene mwini wake sanazindikire. Anthu onsewa tiyi wochepetsa mimba angawapweteke, ndipo miyezi imene amataya akumwa ndi miyezi imene matenda akukula.

Zikavuta pa health post kapena pa kiliniki ya kumudzi, pemphani kalata yokutumizani patsogolo. Kuli Nyimba District Hospital, Petauke District Hospital ndi Minga Mission Hospital. Kupyola apo kuli Kalindawalo General Hospital, St Francis ku Katete, Chipata Central Hospital ndi UTH ku Lusaka. M'zipatala zazikulu mumakhala akatswiri a zakudya, amene ambiri timaganiza kuti ntchito yawo ndi ana onyentchera okha. Munthu wamkulu wa shuga kapena BP ali ndi ufulu wopempha kuonana nawo.

"Ndi ma ARV awa", "ndi jakisoni wolera uyu"

Apa anthu sakunama. Kuyambira cha m'ma 2018 Zambia inayamba kusinthira anthu ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira ku Johannesburg pa anthu oposa 1,000 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti omwa dolutegravir ankanenepa kuposa omwa efavirenz, makamaka amayi, ndipo makamaka akamaphatikiza ndi mankhwala otchedwa TAF. Kwina kunenepako ndi thupi kubwerera mwakale kachilombo katagonja. Kwina n'kopitiriradi. Koma kusiya kumwa kapena kudumphitsa masiku pofuna kuonda n'kuika moyo pachiswe: kachilombo kamachulukanso, ndipo kamaphunzira kupirira mankhwala. Nkhani ya thupi ikambidwe kukiliniki ya ART komweko, kumene amakupimani kulemera nthawi iliyonse mukapita ndipo ali ndi mbiri yanu yonse.

Jakisoni wolera wa miyezi itatu, Depo-Provera, amawonjezeradi thupi kwa amayi ena. Kwa ambiri ndi makilogalamu 2 kapena kucheperapo m'chaka choyamba, kwa ena ndi ochulukirapo. Njira zina zilipo, monga lupu ya kopa imene ilibe mahomoni, ndipo kusintha kumachitikira kukiliniki ya zakulera, osati kungosiya mwakachetechete. Prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amagula okha chifukwa cha kuphwanya kwa thupi kapena chifuwa, amatupitsa nkhope ndi mimba ndiponso amakweza shuga. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi popanda adokotala. Mankhwala ena a khunyu, a matenda a maganizo ndi insulin amanenepetsanso. N'chifukwa chake popita kukapimitsa muzitenga mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa.

"Ndi wa zitsamba, alibe vuto"

Tiyeni tiyambe ndi masamu, chifukwa lonjezo lofala ndi lakuti makilogalamu 5 atha pa sabata imodzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makalori 2,000 mpaka 2,500 patsiku. Kuti makilogalamu 5 a mafuta athe pafunika makalori oposa 38,000, pamene munthu wosadya kanthu sabata yathunthu sangawotche ngakhale theka lake. Ndiye sikelo ikatsikadi ndi makilogalamu 3 kapena 4 m'masiku ochepa, chatuluka n'chiyani? Madzi ndi za m'matumbo. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi senna, chitsamba chotsekula m'mimba, kapena zokodzetsa. Mukamwa madzi ndi kudya, sikelo imabwerera pomwe inali. Chotsala ndi chizungulire, kufooka, kukokana kwa minofu, ndi matumbo ozolowera kukankhidwa. M'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala, pamene thukuta lokha limatha munthu madzi, kumwa zotsekula m'mimba tsiku ndi tsiku kungawononge impso. Chimodzimodzi mapiritsi okodzetsa a furosemide, amene ambiri amawadziwa kuti Lasix. Ndi a odwala mtima ndi impso, ndipo sachotsa mafuta ngakhale pang'ono.

Choopsa chachiwiri n'chobisika. Kale kunali mankhwala ochepetsa chilakolako cha chakudya otchedwa sibutramine. Mu 2010 anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku America atapezeka kuti amawonjezera matenda a mtima ndi sitiroko. Kuyambira pamenepo bungwe la FDA la ku America lakhala likuwapeza mobwerezabwereza atathiridwa mwachinsinsi m'tiyi, khofi ndi makapisozi olembedwa kuti ndi a zitsamba zokhazokha. Amene wamwa kapisozi n'kuyamba kuuma kukamwa, kusowa tulo, mtima ukugunda mothamanga, asauzidwe kuti "ndiye kuti akugwira ntchito". Ndipo kumbukirani kuti ofuna kuchepetsa thupi ndi omwewo amene nthawi zambiri ali kale ndi BP.

Sindikunyoza mankhwala a makolo. Kunena kuti chinthu n'chochokera kutchire sikutanthauza kuti n'chofatsa, ndipo asing'anga enieni amadziwa zimenezi kuposa ife. Paketi yonyezimira yochokera kunja, yopanda dzina la fakitale, ilibenso ubale uliwonse ndi nzeru za agogo athu.

"Kwabwera jakisoni wosungunula mafuta"

Ichi n'chikhulupiriro chimene chili ndi choonadi chachikulu mkati mwake, ndipo mpake kuchifotokoza bwino. Semaglutide, wogulitsidwa ndi kampani ya Novo Nordisk m'maina a Ozempic ndi Wegovy, amagwiradi ntchito. Sasungunula mafuta. Amatsanzira homoni ya m'matumbo imene imauza ubongo kuti wakhuta, ndipo amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, choncho munthu amadya pang'ono. Pa kafukufuku wa STEP 1 amene anasindikizidwa mu 2021, obayidwa kamodzi pa sabata kwa masabata 68 anataya pafupifupi magawo 15 pa 100 a kulemera kwawo, pamene obayidwa jakisoni wopanda mankhwala anataya pafupifupi magawo 2 okha. Tirzepatide wa kampani ya Eli Lilly, wodziwika kuti Mounjaro, anafika pafupifupi magawo 20.

Walira mvula walira matope. Anthu a mu STEP 1 amene anatsatiridwa atasiya jakisoni anabwezera magawo awiri mwa atatu a zimene anataya patatha chaka. Awa ndi mankhwala a nthawi yaitali ngati a BP, ndipo mtengo wake ndi wa mwezi ndi mwezi, wolemera kwambiri kwa mphunzitsi kapena mlimi wa mtedza. Amabweretsa nseru, kusanza, kudzimbidwa kapena kutsekula m'mimba, ndipo kwa ena miyala ya m'ndulu ndi kutupa kwa kapamba. Mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pathupi posachedwa sayenera kubayidwa. Mlingo wake umayambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono pa masabata anayi alionse, dokotala akuyang'anira.

Palinso nkhani ya kuzizira. Peni yosatsegula iyenera kusungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Amene anakhala m'Zambia mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ochuluka patsiku, adzifunse kuti peni yoyenda m'chikwama pa basi kuchokera ku Lusaka, kuwoloka mlatho wa Luangwa dzuwa lili pamutu, yafika ili bwanji. Kuwonjezera apo pali zachinyengo. Mu Juni 2024 bungwe la WHO linachenjeza dziko lonse za Ozempic wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Ku Austria mu 2023 anthu anagonekedwa m'chipatala shuga atawatsika koopsa chifukwa cha mapeni abodza. Ngati zinalowa m'maiko okhala ndi malamulo okhwima chotero, peni yogulidwa pa WhatsApp n'kubayidwa m'saluni ndani angaiikire umboni? Amene BMI yake ndi 30 kapena kuposa, kapena 27 ali ndi shuga kapena BP, ndipo angakwanitse mtengo, akambirane ndi dokotala wa pachipatala chachikulu, alandire kalata ya mankhwala, akagule ku famase ya chilolezo.

Mankhwala ena awiri ndingowatchula mwachidule. Orlistat amatsekereza pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mafuta a m'chakudya kuti asalowe m'thupi, phindu lake ndi makilogalamu ochepa, ndipo amatulutsa chimbudzi cha mafuta. Metformin ndi wa matenda a shuga, amachepetsa thupi pang'ono chabe, ndipo si wobwereka kwa mnansi.

"Ingosiyani nsima"

Nsima si mdani. Makolo athu ankadya nsima ya mgaiwa, n'kukalima, kusinja, kutunga madzi ndi kuyenda wapansi mitunda yaitali. Chasintha ndi zimene zazungulira nsimayo. Mitanda ikadali itatu kapena inayi pamene mwini wake tsopano amakhala pampando tsiku lonse ndipo kumsika amapita pa njinga yamoto. Ufa ndi wa breakfast, wochotsedwa gaga. Saladi amathiridwa mosayeza, pamene sipuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Vitumbuwa ndi tchipisi zakhala za tsiku lililonse. Koposa zonse ndi zakumwa, chifukwa sizikhutitsa. Botolo la 500 ml la chakumwa chozizira limatha kukhala ndi masipuni aang'ono a shuga 10 kapena kuposa, pamene WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masipuni 12 patsiku lonse, ndipo 6 ndiye abwino koposa. Maheu a m'botolo, thobwa wothira shuga, tiyi wa masipuni anayi, Chibuku ndi mowa wa m'mabotolo zonse zimawerengedwa. Ena amati shuga wa m'Zambia ndi wopatsa thanzi popeza ali ndi vitamini A. N'zoona kuti kuyambira 1998 shuga wa pakhomo amathiridwa vitamini ameneyu, koma makalori ake ndi omwe aja. Vitamini A alinso m'maungu, kandolo wofiira mkati, mango, mapapaya ndi masamba obiriwira.

Kuno tili ndi mwayi umene anthu a m'mizinda ikuluikulu amaulipira ndalama zambiri: chiwawa, bonongwe, therere, nyemba, kapenta, nthochi za ku Nyimba. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, nsima ichepe ndi mtanda umodzi, saladi aziyezedwa ndi sipuni. Nsinjiro n'zabwino, koma mtedza uli ndi mafuta ambiri, choncho ndiwo zotendera zisathiridwenso saladi. Kusala chakudya tsiku lonse n'kudzadya mobwezera usiku sikuthandiza, ndipo kwa omwa mankhwala a shuga n'koopsa. Madzi otentha a mandimu alibe mphamvu pa mafuta. Lamba wa pamimba amangofinya ndi kutulutsa thukuta. Kuyenda mwachangu mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumakwaniritsa mphindi 150 zimene WHO imalangiza.

"Ndikapanda kutaya makilogalamu 30 ndiye kuti ndalephera"

Zithunzi za pa Facebook za "kale ndi tsopano" zatiphunzitsa kuyembekezera zozizwitsa, ndipo munthu akataya makilogalamu 4 m'miyezi itatu amagwa ulesi. Achipatala amayang'ana kutaya magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwa thupi. Kwa mayi uja wa makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8, pa liwiro la theka la kilogalamu mpaka imodzi pa sabata. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America, wofalitsidwa mu 2002, anatenga anthu amene shuga anali atayamba kukwera n'kuwapatsa cholinga chotaya magawo 7 pa 100 ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa omwa metformin amene chinatsika ndi 31. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la odwala shuga amene anatsata ndondomeko yochepetsa thupi moyang'aniridwa ndi makiliniki wamba anali ndi shuga wabwinobwino popanda mapiritsi patatha chaka. Anesi ndi akatswiri a zakudya a m'makilinikiwo ndiwo ankayendetsa ntchitoyo.

Amene asankha kiliniki yolipira sanalakwe, bola ayang'ane pakhoma. Chipatala chilichonse chapayekha chiyenera kukhala ndi chilolezo cha Health Professions Council of Zambia, bungwe lomwenso limalembetsa madokotala ndi ma clinical officer. Anesi amalembetsedwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia. Famase ndi health shop zimalandira chilolezo ku ZAMRA, bungwe limene lamulo la 2013 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala onse ogulitsidwa m'dziko muno. Kupempha kuona zikalata zimenezi si mwano. Funsaninso dzina lenileni la mankhwala amene akukupatsani, zovuta zake, ndi tsiku lobwerera kudzapimidwanso. Amene akukana kutchula zimene zili m'botolo, amene akufuna ndalama za miyezi itatu musanakwere sikelo, amene akuti musiye ma ARV kapena mapiritsi a BP kuti "thupi litsukike", kapena amene akukupemphani kuti mubweretse anzanu kuti nanunso muzigulitsa, tulukani m'chipinda chake.

Amayi oyembekezera, odwala TB ndi ana amene akukula sayenera kuyamba ndondomeko iliyonse yochepetsa thupi popanda achipatala, ndipo mayi woyamwitsa asamwe tiyi kapena makapisozi amenewa, chifukwa zina mwa zimene zilimo zimadutsira mumkaka. Amene wamwa kale ndipo akumva mtima kugunda mothamanga, maso achita chikasu, mkodzo wachepa kapena kutsekula m'mimba sikukusiya, aleke kumwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga paketi kapena botolo lake ngakhale litatha. Achipatala ali ndi fomu yotumizira ZAMRA lipoti la mankhwala amene avulaza munthu, ndipo kuti aidzaze amafuna dzina ndi nambala zolembedwa papaketipo.